Mayiko a ku Baltic

Estonia, Latvia ndi Lithuania ndi mayiko atatu oyandikana m'mphepete mwa Nyanja ya Baltic. Chilankhulo sichiwagwirizanitsa kwenikweni, pakuti cha ku Estonia n'chapachibale ndi cha ku Finland. Chimene chinawamanga pamodzi ndi zowawa za ulamuliro wa Soviet Union, umene unawalanda mu 1940. Pa 23 Ogasiti 1989 anthu pafupifupi 2 miliyoni anagwirana manja kuchokera mumzinda wa Tallinn ku Estonia, kudutsa wa Riga ku Latvia, mpaka wa Vilnius ku Lithuania pofuna ufulu. Kunali kulimba mtima ndithu, popeza asilikali a Soviet anali akadali m'mayikomo. Atapeza ufulu, mayiko onse atatu analowa mu NATO ndi European Union mu 2004. Mu Febuluwale 2025 anasiya kulumikizana magetsi ndi Russia, n'kulumikizana ndi Ulaya kudzera ku Poland.