Akin Mabogunje, Pulofesa Amene Anawerenga Mizinda ya Africa

Munthu akakwera phiri la Mapo, pakati penipeni pa Ibadan m'dziko la Nigeria, nataya maso kum'mawa ndi kumadzulo, chimene amaona ndicho madenga a malata a dzimbiri, othinana mwakuti njira za pakati pake sizioneka, mpaka kumene maso alekezera. Komatu panali nthawi, ndipo si kale kwenikweni, pamene ena mwa ophunzira a ku Ulaya ndi ku America ankakayika ngati malo otere nkuyenera kutchedwa mzinda. Pakuti ambiri mwa okhalamo anali alimi, olawira ku minda yakutali ndi kubwerako pa masiku a msika ndi a zikondwerero, ndipo m'maso mwa ophunzirawo malo opanda mafakitale ndi anthu olandira malipiro a pamwezi anali mudzi wotupa chabe. Mmodzi mwa anthu amene anayankha mlandu umenewu, osati ndi mkwiyo koma ndi mapu, ziwerengero ndi kuyenda pansi khomo ndi khomo, anali Akinlawon Ladipo Mabogunje, munthu woyamba wa ku Nigeria kukhala pulofesa wa jogalafe.

Iwo anabadwa pa 18 Okutobala 1931 ku Kano, mzinda wakale wa malinga umene kwa zaka mazanamazana unkalandira amalonda odutsa chipululu cha Sahara. Koma banja lawo linali la Ayoruba a ku Ijebu, kutali kummwera, chotero munthu amene pambuyo pake anadzafotokozera dziko lonse za kusamuka kwa anthu anayamba moyo wake ali mwana wa anthu osamuka. Anaphunzira pa Ibadan Grammar School, nalowa m'koleji ya University College Ibadan, imene inatsegulidwa mu 1948 ngati nthambi ya yunivesite ya London, ndipo analandira digiri yawo yoyamba mu 1953. Atatero anaoloka nyanja kupita ku University College London, kumene anapata digiri yachiwiri mu 1958 ndi ya udokotala mu 1961. Uphunzitsi pa Ibadan anauyamba mu 1958, dziko lisanalandire ufulu wake wa pa 1 Okutobala 1960, ndipo pofika 1965, asanakwanitse zaka 35, anali atakhala kale pa mpando wa upulofesa.

Tisaiwale mtundu wa jogalafe imene ana a m'maiko olamulidwa ndi Angerezi ankaphunzira masiku amenewo. Inali yoloweza pamtima maina a mitsinje ndi mapiri, ndiponso yotchula kumene kumachokera mtedza, koko ndi mafuta a kanjedza, ndi njanji imene imanyamula zinthuzo kupita ku doko. Munthu wakuda ankaonekamo ngati mbali ya malo, pamodzi ndi nkhalango ndi mvula. Pamene a Mabogunje ankayamba ntchito, phunziroli linali kusandulika m'mayunivesite a ku America, kumene achinyamata anayamba kuyesa ndi masamu chifukwa chake mizinda imakhala pamene ilipo ndi kukula monga imakulira. Iwo anakhalako kanthawi pa Northwestern University, imodzi mwa malo amene maphunziro atsopanowo anazika mizu, nabwerako ndi zida zimenezo. Koma luso lawo linali lakuti sanakakamize Africa kulowa m'chikombole cha alendo, m'malo mwake anayesa zidazo pa nthaka ya kwawo ndi kuona pamene zikugwira ndi pamene zikuterereka.

Zipatso zoyamba zinaoneka mu 1962, chaka chimene anatulutsa kabuku kotchedwa Yoruba Towns pamodzi ndi nkhani yofufuza za kakulidwe ka madera okhalamo anthu mu Ibadan. Mzindawo unayamba cha m'ma 1829 ngati msasa wa ankhondo, ndipo anthu ake ankakhala m'mabwalo akuluakulu a mbumba: nyumba zolumikizana kuzungulira bwalo limodzi, khomo lolowera limodzi, agogo, ana ndi zidzukulu onse pansi pa mkulu mmodzi. Chimene pulofesayo anaona, ndipo ena anachidutsa osachizindikira, ndicho chakuti pakati pa mzinda pankakula modzigawa. Ndalama za koko zitafika, ndiponso chipembedzo ndi sukulu zitaphunzitsa munthu kufuna khomo lakelake, mwana aliyense wopeza bwino ankagwetsa chigawo chake cha nyumba ya makolo namanga yake ya malata. Wina ankamanga pabwalo penipeni pamene kale ankasewerapo ana ndi kuyanikapo zakudya. Ndipo m'kupita kwa zaka bwalo lija linatha, kunatsala tinjira tokhotakhota topanda ngalande, mmene ngakhale galimoto yozimitsa moto singalowe. Kuona maso a nkhono nkudekha, anatero akale. Ndipo kudekha kumeneku ndiko kunaonetsa kuti kuthinana kwa Ibadan sikunali chizindikiro cha anthu osadziwa kumanga mzinda, koma zotsatira za banja lakale limene linali kusweka pamalo omwewo pamene linamangidwa.

Buku lawo lalikulu, Urbanization in Nigeria, linatuluka mu 1968, nkhondo yapachiweniweni ili mkati. M'menemo anasonyeza kuti Kano, Zaria, Ife, Oyo ndi mizinda ina inali ndi mafumu, misika, osula zitsulo, oomba nsalu ndi onyika utoto Mzungu asanaponde m'dzikomo, ndi kuti chimene atsamunda anachita sichinali kubweretsa mizinda koma kuisanja mwatsopano motsata zofuna zawo. Njanji yochokera ku Lagos inafika ku Ibadan mu 1901, ndipo patapita zaka ngati khumi inafika ku Kano. Mizinda imene njanjiyo inaipsompsona inanenepa, ndipo ina imene inalambalalidwa, ngakhale inali ya ulemerero m'masiku a makolo, inayamba kufota, amisiri ake atasowa ogula chifukwa cha katundu wotsika mtengo wa kunja. Ndipo ngakhale m'mizinda yopeza mwayiyo munabadwa mizinda iwiri kapena itatu pamalo amodzi: wakale wa eni nthaka, wa alendo ochokera ku zigawo zina, ndi wa Azungu wa misewu yotakata ndi mitengo ya mthunzi.

Komabe ngati pali cholembedwa chimodzi chimene chinanyamula dzina lawo kupita nalo ku mayunivesite a dziko lonse, ndicho nkhani yaifupi ya mu 1970, yofalitsidwa m'magazini ya Geographical Analysis, yonena za kusamuka kwa anthu kuchoka kumudzi kupita m'tauni. Kufikira nthawiyo ambiri ankakhutira ndi kunena kuti umphawi umakankha munthu kumudzi ndipo nyali za m'tauni zimamukoka, ngati kuti nkhani yathera pomwepo. A Mabogunje anafunsa mafunso amene mwana aliyense wa kumudzi akanawazindikira. Kodi mnyamata asananyamuke, ndani amamulola kapena kumuletsa? Makolo ali ndi mawu, mwambo wa kagawidwe ka minda uli ndi mawu, pakuti kumene mwana woyamba amatenga zonse ang'ono ake amachoka msanga, ndipo kumene onse amagawana amachedwa. Nanga akafika, ndani amamulandira, kumupezera pogona ndi kumulozera ntchito? Ndipo chachikulu koposa, ndi uthenga wotani umene umabwerera kumudzi? Akabwera pa tchuthi atavala bwino, atanyamula wailesi ndi nsalu ya amayi ake, anzake asanu amamutsatira, napita ku mzinda womwewo, ku dera lomwelo, kawirikawiri ku ntchito yomweyo. Koma akabwera wowonda ndi wopanda kanthu, njira ija imazirala. Chotero mudzi ndi tauni si zinthu ziwiri zoimirirana patali, koma thupi limodzi limene mbali ina ikagwedezeka inzake imamva. Owerenga athu amene anaona mmene midzi yathunthu inkatumizira ana ake ku migodi ya Johannesburg kapena ku Harare, wina kuitana mnzake, sadzafuna wowamasulira chiphunzitso chimenechi.

Mu 1976 jogalafe yawo inaitanidwa kuchoka m'kalasi. Boma la Murtala Mohammed, litaona kuti Lagos wadzaza ndiponso ali pakona pa dziko la mitundu yambiri imene inali itangotuluka m'nkhondo, linalamula mu Febuluwale chaka chimenecho kuti likulu latsopano limangidwe pakati pa dziko, pa malo okwana pafupifupi masikweya kilomita 8,000. Ndipo izi zinachitika patangopita chaka chimodzi kuchokera pamene Malawi anasamutsa likulu lake kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe. Murtala Mohammed anaphedwa m'mwezi womwewo wa Febuluwale, koma lamulo lake linatsala. Maganizo oyamba anali akuti anthu onse okhala m'deralo, ambiri mwa iwo Agbagyi, asamutsidwe, kuti mzindawo usakhale wa mtundu uliwonse. Ndipo a Mabogunje anapatsidwa ntchito yotsogolera kafukufuku wa nthaka, madzi, zomera ndi anthu a kumeneko. Zimene anapeza zinasokoneza mapulani a m'maofesi. Midzi inali yambiri kuposa mmene akuluakulu ankaganizira, kotero chipukuta misozi chikanameza chuma chochuluka. Ndiponso m'tchire la kumeneko munali kashembe, ndipo m'mitsinje munkaswana tintchentche takuda tofalitsa matenda ochititsa khungu. Amene ankachepetsa kashembeyo anali alimi omwewo, ndi makasu ndi nkhwangwa zawo. Kuwachotsa onse kukanakhala kubwezera dzikolo kwa tizilombo, ndi kumanga likulu pakati pa matenda. Boma linasintha maganizo, nililola ambiri kukhala kufikira pamene mzinda udzafike pa minda yawo. Likulu linasamukira ku mzinda watsopanowo, Abuja, pa 12 Disembala 1991. Sitinganene kuti chilungamo chinachitika chonse, pakuti madandaulo a eni nthaka aja za minda ndi chipukuta misozi akumvekabe mpaka lero. Koma choipa chachikulu chinapewedwa chifukwa munthu wina anapita kukaona asanalembe.

Chaka cha 1980 chinali cha ulemu waukulu. Anatulutsa buku lakuti The Development Process, mmene anatsutsa zoyeza chitukuko ndi kuchuluka kwa ndalama za dziko zokha, nanena kuti dziko limatukuka pamene malo ake, ndiye kuti minda, misika, misewu ndi matauni ang'onoang'ono, akonzedwa mwatsopano kuti atumikire anthu wamba osati doko lokha. Ndipo chaka chomwecho akatswiri anzawo anawasankha kukhala pulezidenti wa International Geographical Union, munthu woyamba wa ku Africa pa mpandowo, umene anaukhalira mpaka 1984. Mu 1981 anachoka pa yunivesite ya Ibadan, ali ndi zaka pafupifupi 50.

Gawo lotsala la moyo wawo ndilo limene anthu amasiyana nalo maganizo. Anatumikira boma la asilikali la Ibrahim Babangida m'bungwe loona za chakudya, misewu ndi chitukuko cha m'midzi limene linakhazikitsidwa mu 1986, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anatsogolera bungwe loyang'anira mabanki a m'madera. Maganizo a mabankiwo anali okoma: anthu amene kuyambira kale ankasonkherana ndalama mosinthana, monga timachitira pa chipereganyu, akhale ndi banki yawoyawo, mmene chikole cha ngongole ndi mbiri ya munthu pakati pa anansi ake. Mabanki otere anatsegulidwa mazanamazana. Ena anaima, ambiri anagwa chifukwa cha kayendetsedwe kofooka, ndipo otsalawo anasandutsidwa mabanki a ngongole zazing'ono potsata ndondomeko ya boma ya mu 2005. Alipo amene amati wophunzira sayenera kudya m'mbale imodzi ndi olamulira ndi mfuti, ndipo mawu awo si opanda pake. Ine ndiona kuti munthu amene moyo wake wonse anaphunzitsa kuti nzeru iyenera kutsikira pa nthaka sakanatha kukana ataitanidwa, monga Yosefe sanakane kusunga tirigu wa Farao; koma ndionanso kuti walira mvula walira matope, ndi kuti mabuku awo akhalitsa kuposa mabungwe ambiri amene anawatsogolera, pakuti buku silidikira chifundo cha nduna kuti likhale ndi moyo.

Ukalamba sunawakhazike pansi. Analemba mbiri ya moyo wawo m'buku lotchedwa A Measure of Grace; mu 1999 anasankhidwa kukhala membala wakunja wa National Academy of Sciences ya ku America; ndipo mu 2017 analandira mphotho ya Vautrin Lud, imene imaperekedwa ku Saint-Dié-des-Vosges m'dziko la France ndipo imayesedwa yaikulu koposa pakati pa akatswiri a jogalafe. Ntchito yawo yaikulu yomaliza m'boma inali ya mu 2009, pamene Pulezidenti Umaru Yar'Adua anawaika kutsogolera komiti yokonza nkhani za malo, ndi cholinga chakuti mlimi wamba akhale ndi chikalata cha munda wake, chimene angachionetse ku banki kapena ku bwalo la milandu. Chopinga chinali lamulo la malo la mu 1978, limene linaika nthaka ya m'chigawo chilichonse m'manja mwa bwanamkubwa wake, ndipo linakhomeredwa m'malamulo oyendetsera dziko kotero kuti kulisintha nkovuta. Pulofesa Mabogunje anamwalira pa 4 Ogasiti 2022 ali ndi zaka 90, lamulo limenelo lisanasinthidwe.