CBGB: Bala Yauve Imene Inalera Nyimbo za Punk

Mu Disembala 1973, a Hilly Kristal anatsegula bala pa nambala 315 mumsewu wa Bowery ku New York. Anaitcha CBGB, kufupikitsa mayina a nyimbo zimene ankafuna kuti zizimveka mmenemo: country, bluegrass ndi blues. Masiku amenewo Bowery unali msewu wa zidakwa ndi anthu osowa pogona. Pamwamba pa balayo panali Palace Hotel, malo ogona otchipa kumene kunkathera amuna ogonja ku mowa, ndipo mzinda wonse unali pa mavuto azachuma moti mu 1975 unatsala pang'ono kulephera kubweza ngongole. Lendi inali yotsika, choncho achinyamata ojambula, alakatuli ndi oimba anadzazana m'nyumba zakale za m'deralo.

Oyamba kusintha tsogolo la balayo anali anyamata a gulu la Television. Richard Lloyd, wa gitala, amasimba kuti iye ndi Tom Verlaine anapeza a Kristal ali pamakwerero panja, ndipo atafunsidwa za mtundu wa nyimbo zawo, anayankha kuti amaimbako pang'ono zonse zolembedwa pakhomopo. Linali bodza lamkunkhuniza, koma linawapezera tsiku la Lamlungu, ndipo anayamba kuimba pa 31 Malichi 1974. A Kristal sankabisa kuti usiku umenewo anawaona kuti sadziwa kuimba. Komabe anawalola kubweranso.

Kuleza mtima kumeneku n'kumene oimba ambiri amakutchula akamakumbukira CBGB. Malamulo anali ochepa: gulu lidzinyamulire lokha zida, ndipo liimbe nyimbo zopeka lokha, osati za ena. Ndalama zolipira pakhomo zinkapita kwa oimba, a Kristal n'kudalira za mowa. M'mabala ambiri a mumzindawo munkafunika magulu oimba nyimbo zotchuka kale pa wailesi, kapena amene anali ndi zimbale. Pa Bowery, mnyamata wongodziwa kugwira mawaya atatu ankakwera pansanja, kulakwitsa, kusekedwa, n'kubweranso sabata yotsatira atawongolerako.

Pa 16 Ogasiti 1974 panafika a Ramones, ochokera ku Forest Hills m'dera la Queens. Anali anayi, atavala majekete achikopa ndi majinzi ong'ambika. Dee Dee, wa besi, ankakuwa kuwerenga kuyambira 1 mpaka 4, kenako phokoso lili gwaa, nyimbo n'kutha mphindi ziwiri zisanakwane. Nthawi zina ankasiyira nyimbo pakati n'kuyamba kukangana anthu akuonerera, ndipo zoimba zawo zonse sizinkafika theka la ola. Mu Epulo 1976 anatulutsa chimbale chawo choyamba ku kampani ya Sire, chimene anachijambula ndi madola 6,400 okha.

Chaka cha 1975 ndicho chinatembenuza zinthu. Patti Smith, mlakatuli amene anasanduka woimba, anaimba kumeneko masabata angapo motsatizana pamodzi ndi Television, anthu n'kuyamba kudzaza mpaka pakhomo. Clive Davis wa kampani ya Arista anamusainitsa, ndipo chimbale cha Horses chinatuluka chaka chomwecho. Mu Juni a Talking Heads anaimba koyamba pagulu, kutsegulira a Ramones. Mu Julayi a Kristal anakonza chikondwerero cha magulu amene anali asanajambulepo chimbale, atolankhani n'kukhamukirako. Debbie Harry ndi Chris Stein a gulu la Blondie ankakhala mumsewu womwewo, kongoyenda pansi.

Mukawafunsa oimbawo za malowo, amayamba ndi fungo. Chipindacho chinali chachitali koma chopapatiza, chamdima, makoma ali mbwee zomatamata ndi zolembalemba. Galu wa a Kristal, Jonathan, ankadzithandiza paliponse, moti munthu ankayenda moyang'ana pansi. Kukhitchini kunkaphikidwa nyama ya tsabola imene ambiri ankaopa kuilawa. Zimbudzi zinali kuseri kwa nsanja, ndipo mbiri ya uve wake inafika patali moti mu 2013 nyumba yosungira zaluso ya Metropolitan inamanga chofanizira chake pa chionetsero cha zovala za punk.

David Byrne wa Talking Heads, m'buku lake la 2012 lotchedwa How Music Works, anafotokoza zimene zinkabisala kuseri kwa uvewo. Oimba ankalowa ulere ngakhale tsiku limene sakuimba, choncho gulu latsopano silinkasowa omvera, ndipo omverawo anali anzawo odziwa ntchito. Wopita kuchimbudzi ankadutsa pafupi ndi tizipinda tosinthira zovala, n'kuona woimba amene amamuombera m'manja uja akupukuta thukuta. Panalibe woti angadzimve. Ngakhale makoma okhotakhota ndi katundu wongounjikana zinkathandiza kuti mawu asamabwererebwerere, nyimbo zizimveka bwino.

M'zaka za m'ma 1980 kunabwera m'badwo wina wa nyimbo zothamanga ndi zaukali kwambiri zotchedwa hardcore. Lamlungu masana ana asukulu ankadzaza panja kudikira Agnostic Front, Cro-Mags, Murphy's Law ndi Bad Brains. Mkati ankagundana mapewa ndi kudumpha kuchokera pansanja kugwera pamitu ya anzawo. Ndewu zitachuluka, a Kristal anaimitsa zoimba zamasanazo cha m'ma 1990.

Chimene chinatseka balayo ndi lendi. Deralo linali litakwera mtengo, ndipo mu 2005 panabuka mkangano wa ndalama pakati pa a Kristal ndi Bowery Residents' Committee, bungwe lothandiza osowa pokhala limene linkayang'anira nyumbayo. Oimba anachita misonkhano ndi zoimbaimba zofuna kuipulumutsa, koma mgwirizano wa lendi sunawonjezeredwe. Pa 15 Okutobala 2006 Patti Smith anaimba usiku womaliza, mothandizidwa ndi Richard Lloyd komanso Flea wa Red Hot Chili Peppers, ndipo kumapeto anatchula mayina a anzawo amene anatisiya. Joey, Dee Dee ndi Johnny Ramone a gulu la Ramones onse anali atamwalira pakati pa 2001 ndi 2004.

A Kristal anamwalira ndi khansa ya m'mapapo mu Ogasiti 2007 ali ndi zaka 75. Chaka chotsatira John Varvatos anatsegula sitolo ya zovala zodula m'nyumbamo, n'kusiya mbali zina za makoma ndi zomatamata zake momwe zinalili. Magulu atsopano, amene sakanakwanitsanso lendi ya ku Manhattan kumene kuli Bowery, anali atawoloka kale mtsinje kukafuna timabala totchipa ku Brooklyn.