Cingerezi ca mu Giredi 8 cinayambira kutali

Aphunzitsi, Cingerezi cimene mwana wa ku Matero kapena ku George ankakumana naco mu Giredi 8 cili ndi mbiri yake. Lamulo la maphunziro la 1966 linakhazikitsa Cingerezi monga cinenero cophunzitsira kuyambira Giredi 1. Ana a anchito a m'mafakitale a ku Heavy Industrial Area ankangoloweza mau osawamvetsa, ena n'kufika ku sekondale akulephera kuwerenga ndime ndi kuyankha mafunso ake.

Ndondomeko ya Educating Our Future ya 1996 inalola kuti mwana ayambe kuwerenga m'cinenero cimene acidziwa. Komabe caka cimodzi cokha ca New Breakthrough to Literacy cinacepa. Ana ankalumphira ku Cingerezi asanagwire bwino malembo. Mu 2014 boma linatalikitsa nthawiyo, Cinyanja cikhale cophunzitsira mu Lusaka kufikira Giredi 4.