Zisudzo zokomera ana a autism

Awa ndi masewero a pa siteji okonzedwa kuti ana a autism ndi mabanja awo aonere momasuka. Nkhani yake sisintha. Phokoso ladzidzidzi amalichepetsa, magetsi ophethiraphethira amawachotsa, ndipo m'holo simuchita mdima wandiweyani. Mwana akaimirira, kufuula kapena kuwomba m'manja pakati pa sewero, palibe womuyang'ana ndi diso loipa. Akatopa, amapita kumalo abata kukapuma. Makolo amalandiriratu zithunzi za khomo, mipando ndi osewera kuti mwana awazolowere malowo asanafike, ndipo thandizo limeneli ndi lalikulu ndithu. Ku Broadway, mumzinda wa New York, bungwe la Theatre Development Fund linayambitsa zionetserozi mu 2011 ndi sewero la The Lion King.