Mbiri ya magalimoto a liwiro amene amakwera mtengo akamakalamba

Pafupifupi galimoto iliyonse imayamba kutsika mtengo tsiku lomwe mwini wake woyamba wailiza n'kutuluka nayo pageti pa wogulitsa. Ikatha zaka 10 kapena 15 imagulidwa pa kachigawo chabe ka ndalama zomwe idalowera, ndipo mathero ake amakhala kwa ogula zitsulo zakutha. Koma pali magalimoto ochepa, makamaka a liwiro ndi a mpikisano, amene amatsika kwa kanthawi kenaka n'kutembenuka, mtengo n'kumakwera chaka ndi chaka mpaka kuposa nyumba, ena kuposa ngakhale ndege. Anthu osonkhanitsa magalimoto otere ali ndi misika yawo, akatswiri awo ndiponso makampani a okushoni monga RM Sotheby's, Bonhams ndi Gooding & Company. Funso limene silichoka pakamwa pawo ndi lakuti, mwa magalimoto amene akupangidwa masiku ano, ndi ati adzasanduke chuma zaka 25 zikubwerazi. Mbiri ya msikawu ikusonyeza kuti olosera akhala akuphonya kawirikawiri.

Kusunga magalimoto akale kudayamba ngati masewera chabe. Ku Britain, mu 1927, kudachitika ulendo wa magalimoto akalekale kuchoka ku London kupita ku Brighton, ndipo mu 1930 okonda magalimotowa adakhazikitsa bungwe la Veteran Car Club. Ku America chionetsero cha Pebble Beach, ku California, chidayamba mu 1950, ndipo mu 1952 Lord Montagu adayamba kuonetsa magalimoto akale kunyumba kwake ku Beaulieu. Ambiri mwa osunga a nthawi imeneyo adali anthu okonda kugwira sipanala Loweruka masana, ndipo za phindu sankaziwerengera. Galimoto ya mpikisano ikagonja kwa ina yatsopano inkasanduka katundu wosowa ntchito: yaphokoso, yotentha mkati, yovuta kukonza, yosayenera ngakhale kupita nayo kokagula zinthu.

Ferrari 250 GTO idadutsa m'zonsezi. Kampani ya Enzo Ferrari ya ku Maranello, m'dziko la Italy, idapanga magalimotowa 36 okha pakati pa 1962 ndi 1964, cholinga chili chopambana mipikisano basi. Ku America yatsopano inkagulidwa madola pafupifupi 18,000, ndipo wogula ankayenera kuvomerezedwa kaye ndi kampaniyo. Pasanathe zaka zisanu idali itatha ntchito m'mabwalo a mpikisano. Imodzi idaperekedwa kusukulu ina ya sekondale ku Texas kuti ana aziphunzirirapo umakaniko, ndipo pambuyo pake idakhala panja, pa ngolo yake, m'munda wina ku Ohio kwa zaka zoposa 10, ikuvumbwa ndi mvula. Nick Mason, woimba ng'oma wa gulu la Pink Floyd, adagula yake mu 1977 pa mapaundi osakwana 40,000. Mu 2014 GTO ina idagulidwa madola 38.1 miliyoni pa okushoni ya Bonhams, mu 2018 ina idapita pa madola 48.4 miliyoni ku Monterey, ndipo chaka chomwecho zidamveka kuti inanso idagulitsidwa mwamseri pa madola 70 miliyoni.

Anthu a ndalama adatulukira msikawu cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Mu 1987 Bugatti Royale, imodzi mwa 6 zokha zomwe zidapangidwa, idagulidwa mapaundi 5.5 miliyoni pa okushoni ya Christie's mu holo ya Royal Albert ku London. Misika ya masheya idali itangogwa mu Okotobala chaka chomwecho, chuma cha Japan chidali pachimake, ndipo ambiri ankafuna posungira ndalama poti angathe kupakhudza ndi manja. Enzo Ferrari atamwalira mu Ogasiti 1988, chilichonse chokhala ndi chizindikiro cha Ferrari cha hatchi yodumpha chidalumpha mtengo. F40, galimoto yomaliza yomwe mkuluyo adaivomereza ali moyo, anthu ankaigulitsana mowirikiza kangapo, ena asanailandire n'komwe. Kampaniyo poyamba inkanena zopanga 400, koma itaona mzere wa ogula idapanga zoposa 1,300.

Amene adalira chokweza pa nthawiyi ndi ogula Jaguar XJ220. Galimotoyi idaonetsedwa koyamba ku Birmingham mu 1988 ili ndi injini ya masilinda 12, ikukoka ndi matayala onse anayi. Anthu oposa 1,000 adapereka chikole cha mapaundi 50,000 aliyense, ambiri mwa iwo akuwerengera kale phindu. Pomwe inkatuluka m'fakitale mu 1992 idali itasintha: injini ya masilinda 6 yokhala ndi ma turbo awiri, yokoka ndi matayala akumbuyo okha, mtengo wake mapaundi 470,000. Chuma cha maiko ambiri chidali chitalowa pansi, mitengo ya magalimoto akale idali itagwa, ndipo ogula ambiri adafuna kuthawa mgwirizano mpaka nkhani idafika kukhoti. Zidapangidwa zosakwana 300, ndipo zotsala zidagulitsidwa patapita zaka pa mtengo wosafika ndi theka lomwe. Galimoto yake idali yothamanga zedi, palibe ankatsutsa. Cholakwika chidali chakuti ogula ambiri ankafuna ndalama, galimotoyo analibe nayo ntchito, ndipo onse adafuna kutuluka pakhomo limodzi nthawi imodzi.

McLaren F1 idabwera m'nyengo yowuma yomweyo, koma nkhani yake idatha mosiyana. Adaikonza ndi Gordon Murray, injiniya wobadwira ku Durban, ku South Africa, amene adatchuka kaye m'mipikisano ya Formula One. Dalaivala amakhala pakati, okwera awiri m'mbali mwake chakumbuyo pang'ono. Injini ndi ya BMW, ya masilinda 12, yopanda turbo, ndipo m'chipinda chake adamatamo golide wopyapyala wobweza kutentha. Magiya amasintha ndi dzanja, mabuleki ndi chiwongolero zilibe makina othandizira. Pa mtengo woposa theka la miliyoni ya mapaundi ogula adali ochepa, moti pakati pa 1992 ndi 1998 zidapangidwa 106 zokha, ndipo mwa izo 64 ndizo zidali za mumsewu wamba. Mu 1995 idapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans ulendo woyamba womwe idalowa, ndipo mu 1998 idathamanga makilomita 386 pa ola ku Germany. Kusowa kwa ogula pachiyambi ndi komwe kudaichititsa kukhala yosowa lero. Rowan Atkinson, amene ambiri amamudziwa ngati Mr Bean, adachita ngozi ndi yake kawiri, komabe adaigulitsa mu 2015 pa mapaundi pafupifupi 8 miliyoni. Mu 2021 ina yomwe idali itayenda makilomita osakwana 400 idagulidwa madola 20.4 miliyoni ku Pebble Beach.

Gulu lina lomwe lakhala likukwera mosalekeza ndi la magalimoto omwe adapangidwa pongofuna kukwaniritsa malamulo a mpikisano. Malamulowo amati kampani isanalowetse galimoto m'bwalo iyenera kugulitsa chiwerengero china chake kwa anthu wamba. Porsche inkafunika kugulitsa 500 za 911 Carrera RS 2.7 ya 1973, ndipo a zamalonda pakampanipo ankakayika ngati zingagulidwe, koma mapeto ake zidapangidwa 1,580. Ku South Africa kudabadwa ena a mtundu womwewu. BMW M3 yoyamba inkapangidwa ndi chiwongolero kumanzere kokha ndipo sidagulitsidwe kumeneko, choncho fakitale ya ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, idapanga zakezake: 333i, zomwe zidali pafupifupi 200, kenaka 325iS, yomwe m'makomboni a Johannesburg amaitcha Gusheshe. Mdani wake m'mabwalo adali Opel Kadett Superboss. Ambiri mwa magalimotowa adathera m'ngozi, m'manja mwa akuba ndi m'masewera ozungulitsa galimoto mpaka matayala kufuka utsi, ndipo yomwe yatsala yosakhudzidwa lero imalimbiranidwa.

Palinso nkhani ya mibadwo. Munthu akapeza ndalama ali ndi zaka 40 kapena 50 amafunafuna galimoto yomwe ankaisirira ali mnyamata. Kwa zaka zambiri akuluakulu a msikawu ankanyoza magalimoto a ku Japan, koma ana omwe adakula akusewera Gran Turismo, yomwe idatuluka pa PlayStation mu 1997, ndi kuonera mafilimu a Fast & Furious kuyambira 2001, adakula n'kuyamba kugula. Toyota Supra ya olenji ya mufilimu yoyamba idagulidwa madola 550,000 ku Las Vegas mu 2021, ndipo Nissan Skyline GT-R R34 yomwe ankayendetsa Paul Walker m'mafilimuwa idaposa madola 1.3 miliyoni mu 2023. Lamulo la ku America la 1988 lidathandiziranso. Galimoto yosapangidwira msika wakumeneko siiloledwa kulowa mwachisawawa isanakwane zaka 25, choncho Skyline R32 ya 1989 idatsegulidwa mu 2014 ndipo R34 idayamba kulowa mu 2024, mitengo ku Japan n'kukwera tsikulo lisanafike. Misika ya okushoni ya ku Japan komwe kumachokera ma Vitz ndi ma Sienta odzera pa Dar es Salaam ndi yomweyonso idagulitsa ma Skyline ambirimbiri motchipa zaka 20 zapitazo.

Pamwamba penipeni pa msikawu padafikidwa mu Meyi 2022, pamene Mercedes-Benz idagulitsa 300 SLR Uhlenhaut Coupé ya 1955, imodzi mwa ziwiri zokha, pa mayuro 135 miliyoni ku Stuttgart.

Olosera a masiku ano amayang'ana kwambiri chilichonse chomwe ndi chomaliza cha mtundu wake. Porsche zoziziritsa injini ndi mpweya zidatha mu 1998, ndipo mitengo yake idakwera anthu atazindikira kuti sizibweranso. N'chimodzimodzi ndi magiya a dzanja: Ferrari 599 zokhala ndi kilatchi ya phazi zidapangidwa pafupifupi 30 zokha, chifukwa ogula ankafuna zosinthira pachiwongolero, ndipo lero zimaposa zinzake mtengo kutalitali. Mu 2023 maiko a European Union adakhazikitsa lamulo lofuna kuti pofika 2035 magalimoto atsopano asamatulutse utsi, ndipo izi zawonjezera njala ya injini zikuluzikulu zopanda turbo. Ferrari 458 Speciale, Audi R8 ndi Lamborghini Huracán, ziwiri zomalizazi za masilinda 10 zomwe zidasiya kupangidwa mu 2024, zimatchulidwa kawirikawiri pa chifukwa chimenechi.

Lexus LFA ikutsata njira ya McLaren F1. Zidapangidwa 500 pakati pa 2010 ndi 2012, pa madola 375,000, ndipo ambiri ankaseka zoti munthu angalipire ndalama zotere pa galimoto ya kampani ya Toyota. Zina zidakhala m'masitolo a ku America zaka zingapo zisanagulidwe. Injini yake ya masilinda 10, yomwe adapanga pamodzi ndi Yamaha, imakwera liwiro msanga kwambiri moti muvi wamba wa padeshibodi sukadatha kuitsatira, ndipo adaikapo chowerengera cha pa sikirini. Lero zina zapitirira madola 1 miliyoni. BMW 1M Coupé ya 2011, yaing'ono, ya magiya a dzanja okha, yasunga mtengo wake ngakhale zidapangidwa zoposa 6,000. Toyota GR Yaris ya 2020, ya masilinda atatu, yokoka ndi matayala onse, idabadwa chifukwa cha malamulo a mpikisano wa World Rally Championship, koma zapangidwa zochuluka kwambiri moti zidzatenga zaka kuti zoyera zisowe.

Makampani nawo adaphunzira kupanga kusowa mwadala, ndipo apa ndi pomwe wolosera amaterereka. Porsche 911 R ya 2016 idatuluka 991 zokha, ya magiya a dzanja, ndipo m'miyezi yochepa ogula oyamba ankaigulitsa mowirikiza kawiri kapena katatu. Mu 2017 Porsche idatulutsa GT3 Touring, yofanana nayo kwambiri koma yopanda malire a chiwerengero, ndipo mitengo ya 911 R idatsika. Ford idatenga njira ina ndi GT ya 2017: wogula ankalembera kalata yopempha, n'kusaina kuti sadzagulitsa pasanathe zaka ziwiri. John Cena, katswiri wa masewera ogwetsana, atagulitsa yake msanga adatengeredwa kukhoti, ndipo nkhaniyo idatha pokambirana mu 2018.

Kusiyana kwakukulu pakati pa kale ndi lero ndi kwakuti Gusheshe idasowa chifukwa inkagwiritsidwa ntchito mpaka kutha, pomwe magalimoto amakono a chiwerengero chochepa amalowa m'magalaja ofunda tsiku loyamba, mapulasitiki akadali pamipando. Mu 2050 pafupifupi onse adzakhala alipo, onse oyera, onse osayenda, ndipo kusayenda sikudzakhalanso chodabwitsa. Kusungako nako kumadya ndalama: inshuwalansi, lendi ya galaja, matayala owuma, malabala ong'ambika ndi mafuta owonongeka m'thanki. Ogula amafunanso mapepala onse a sevisi ndi umboni woti nambala ya injini ikugwirizana ndi ya chesisi, ntchito yomwe Ferrari idaitsegulira nthambi yakeyake ya Classiche mu 2006.

Vuto latsopano ndi la zamagetsi. Chitsulo cha injini ya 1962 mmisiri waluso akhoza kuchisula mwatsopano, koma galimoto yamakono imayendera makompyuta ambiri omwe opanga ake amasiya kuwapanga pakapita zaka. Ngakhale McLaren F1, kwa nthawi yaitali, inkafuna laputopu yakale ya Compaq ya m'ma 1990 kuti amakaniko alankhule ndi kompyuta yake. LaFerrari, McLaren P1 ndi Porsche 918 Spyder, zomwe zidatuluka mu 2013, zimaphatikiza injini ya petulo ndi batire lalikulu, ndipo batire limafooka ngakhale galimoto itangoima. Mtengo wa magalimoto amenewa mtsogolo udzadalira kwambiri ngati makampani awo adzapitirize kupanga mabatire ndi kusamala mapulogalamu ake, monga momwe Ferrari idayambira kuchita mu 2024 pokhazikitsa ndondomeko yosinthira mabatire a magalimoto ake a SF90 ndi 296 akakwana zaka 8 komanso 16.