Nyumba za Khonsolo ndi Matchona a ku Mbare

Mbiri ya nyumba za khonsolo mumzinda wa Harare imaonetsa kuti atsamunda ankafuna manja a wantchito koma analibe malo a banja lake. Lokeshoni ya Harari, yomwe lero ndi Mbare, inakhazikitsidwa mu 1907 m'mphepete mwa Salisbury, dzina lakale la mzindawu. Ambiri mwa okhalamo anali amuna ochokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique.

Lamulo la 1946 lokhudza malo ogona a anthu akuda m'mizinda linapatsa makhonsolo udindo womanga nyumba, pamene olemba ntchito ndiwo ankalipira lendi. Motero wochotsedwa ntchito ankatayanso pogona. Mahositelo monga a Matapi anamangidwira amuna okhaokha, poganiza kuti aliyense ali ndi mudzi wobwererako mphamvu zikatha.

M'zaka za nkhondo ya ufulu ndiponso pambuyo pa 1980, mabanja anadzazana m'zipinda zimenezi, ndipo osowa malo ankachita lendi m'zisakasa za kuseri kwa nyumba. Mu 2005, pa ntchito yotchedwa Murambatsvina, boma la Zimbabwe linagwetsa zisakasazo n'kuuza anthu kuti abwerere kumudzi. Lipoti la Anna Tibaijuka, nthumwi ya bungwe la United Nations, linati m'dziko lonselo anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba, njira zopezera ndalama, kapena zonse ziwiri.

Zidzukulu za matchona, zobadwira ndi kukulira ku Mbare, zinalibe mudzi wobwererako. Ganizo la atsamunda, lakuti wosauka ndi mlendo mumzinda, linawapezabe patatha zaka 25 dziko lili pa ufulu.