Nyumba ya Mandala ndi Mitu Imene Inaisenza

Mu mzinda wa Blantyre, pakati pa phokoso la magalimoto ndi masitolo amakono, muli nyumba yosanja ya khonde lalikulu imene yakhala chiimire kuyambira m'chaka cha 1882. Imeneyi ndi Nyumba ya Mandala, imene ambiri amaiwerengera kuti ndiyo yakale koposa mwa nyumba zachizungu zotsala m'Malawi muno. Ife a kwa Chapananga, ndi ena onse a m'chigwa cha Shire, tikamawoloka mlatho wa Kamuzu ndi kukwera zitunda za ku Thabwa, kawirikawiri timakhala tikuthamangira kuchipatala kapena kumsika, ndipo nyumbayi timangoipitirira ngati ya eni. Koma kunena zoona, mbiri yake inayambira kwathu kuno.

Nyumbayi inamangidwa ndi kampani ya African Lakes, imene inakhazikitsidwa ku Glasgow m'chaka cha 1878 ndi cholinga chothandiza amishoni pa mtengatenga ndiponso kubweretsa malonda olowa m'malo mwa malonda a akapolo. Oyang'anira ake anali anthu awiri apachibale, John ndi Frederick Moir. Popeza John ankavala magalasi a maso, makolo athu anamutcha Mandala, ndipo dzinali linamatirira pa nyumba, pa kampani ndi pa dera lonselo kufikira lero. Mlendo akalowamo amaona zipupa zochindikala za njerwa ndi dothi, ndipo akakwera pamwamba amapeza mabuku, mapu ndi zithunzi zakale zosungidwa ndi bungwe la Society of Malawi.

Tsono funso loyenera kudzifunsa tili pakhonde limenelo ndi ili: kodi katundu yense amene anatchukitsa Mandala ankafika bwanji pamtunda paja? Masiku amenewo kunalibe njanji kapena galimoto. Sitima zapamadzi zinkakwera Zambezi, n'kulowa mu Shire, koma sizikanatha kupitirira mathithi a Kapichira. Motero zinkakocheza kwa Katunga, pafupi ndi pamene pali boma la Chikwawa lero. Kuchokera pamenepo kukafika ku Blantyre unali ulendo wa makilomita oposa 40, wokwera mapiri okhaokha, ndipo kanthu kalikonse, kaya ndi nsalu, mchere, mikanda ngakhale zitsulo za sitima zopita kunyanja, kankayenda pamutu pa munthu.

Anthu amenewa ankatchedwa amtengatenga. Munali Amang'anja a m'chigwa muno, Ayawo, Angoni ndi a mitundu ina. Munthu mmodzi ankasenza mtolo wa makilogalamu pafupifupi 25, wopanda nsapato, dzuwa la kuchigwa likumuswa pamsana, ndipo akafika kumtunda ankakumana ndi chisanu chimene sanachizolowere. Pobwerera ankatsika ndi minyanga ya njovu. Malipiro ake anali mikono yowerengeka ya nsalu. Ena ankanyamula Azungu enieniwo m'machila. Ntchito yowawayi inayamba kuchepa pamene njanji yochokera kuchigwa inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908.

Tisaganize kuti anthu a m'chigwa anali osenza okha. Mtsinje unali m'manja mwa mafumu a Chikololo, monga Kasisi, Chipatula, Katunga, Maseya ndi Mlauli, amene anabwera ndi David Livingstone nakhazikika kuno. Kampani inkayenera kukhala nawo mwaulemu kuti njira ikhale yotseguka. M'chaka cha 1884, Mzungu wina wamalonda, George Fenwick, atapha Chipatula pa mkangano, anthu a mfumuyo anabwezera imfayo, namizanso sitima ya kampani yotchedwa Lady Nyassa. Pamenepo a ku Mandala anaona poyera kuti moyo wa nyumba yawo unali wodalira mtendere wa kuchigwa.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Denga la Mandala linasenzedwa ndi mitu zikwizikwi, komabe maina amene analowa m'mabuku ndi a anthu ochepa okha odziwa kulemba. Sitikunena izi pofuna kunyoza abale awiri aja, pakuti nawonso anagwira gawo lawo. Tikungoti mbiri yotchula mwini mtolo n'kuiwala wosenza ndi mbiri yopunduka.

Nchifukwa chake mabanja athu akapeza mpata wopita ku Blantyre, ndi bwino kupatukirako ndi ana pa nyumbayi. Tiwaonetse zithunzi zakalezo, ndipo maso awo asathere pa Mzungu wokhala pampando, koma aonenso anthu oimirira kumbuyo kwake. Tikabwerera kumudzi, tikhale pansi ndi agogo amene atsala, tiwafunse zimene anamva kwa makolo awo za madoko akale ndi njira za kumtunda, ndipo mwana wodziwa cholembera azilembe m'kope. Nyumba ya Mandala yasungika chifukwa panapezeka anthu oisamala chaka ndi chaka. Maina a agogo athu nawonso akudikira owasamala, ndipo ntchito imeneyo palibe mlendo amene adzatigwirire.